Sabata ya Garaikoetxea m'kalasi mwanga

Sabata ino ndimaphunzitsa za mayiko amene anachoka mu ulamuliro wankhanza kulowa demokalase, ndiye m'malo mwa South Africa yomwe ophunzira anga anaimva kale kambirimbiri, ndinawatengera ku Spain, kudera la a Basque kumpoto uko, pa nkhani ya bambo wina dzina lake Carlos Garaikoetxea.

Lolemba linathera pa mapu basi. Magetsi kunalibe, projekita ili duu, ndiye ndinangojambula pabolodi zigawo zitatu, Bizkaia, Gipuzkoa ndi Araba, kenako Navarre pambali pake, France pamwamba. Franco, wolamulira wankhanza wa Spain, anamwalira pa 20 November 1975, ndipo nthawi yake chiyankhulo chawo cha Euskara chinkaponderezedwa m'masukulu ndi m'maofesi, mbendera yawo nayo yoletsedwa.

Lachiwiri mpamene tinamulowa mwini wakeyo. Anabadwira ku Pamplona mu 1938, anaphunzira zamalamulo ndi zachuma ku yunivesite ya Deusto, mu 1977 nkukhala wapampando wa PNV, chipani chomenyera ufulu wa a Basque. Pa referendamu ya malamulo oyendetsera dziko la Spain mu December 1978 chipanichi chinauza anthu ake kuti asakavote, koma chaka chotsatira mu July yemweyo Garaikoetxea anali pa tebulo ndi nduna yayikulu Adolfo Suárez ku nyumba yaboma ya Moncloa ku Madrid kukokana mpaka anagwirizana za lamulo lopatsa a Basque ufulu wodzilamulira, lotchedwa la Gernika, lomwe anthu analivomereza pa 25 October 1979. Pa chisankho cha March 1980 PNV inapeza mipando 25 mwa 60, iye nkukhala lehendakari, mtsogoleri wa boma la a Basque. Mtsikana wina wokhala kutsogolo anayang'ana mapu aja nkufunsa, "Sala, Pamplona simunati ili ku Navarre? Ndiye amalamula dera limene kwawo kulibemo?" Eya, ndendende. Navarre inayenda njira yakeyake, ndipo munthu amene ankakhulupirira kuti kwawoko ndi mbali ya dziko la a Basque anakakhala ku likulu la Vitoria-Gasteiz kulamula zigawo zitatu zokha. Funso limeneli linandisangalatsa tsiku lonse.

Lachitatu ndinathamanga, zinthu zinachuluka. Boma linayamba lilibe kalikonse, koma pofika 1982 anali ndi apolisi awoawo a Ertzaintza, lamulo loteteza Euskara, ndi TV ya ETB yomwe inayamba kuwulutsa usiku wa pa 31 December chaka chomwecho. Zonsezi zikuchitika uku ETA, gulu lazida lofuna dziko loima palokha la a Basque, ikupha anthu, mu 1980 mokha oposa 90, uku msilikali wina, Tejero, akulowa ndi mfuti mu palamenti ya ku Madrid pofuna kulanda boma pa 23 February 1981, kenako madzi osefukira a August 1983 omwe anamiza pakati penipeni pa mzinda wa Bilbao. Ndimafuna amve kulemera kwake, kuti munthu akumanga maofesi anthu akuikidwa m'manda pafupifupi sabata iliyonse.

Koma tsiku limene ndinalikonzekera kwambiri linali Lachinayi, chifukwa chimene chinamugwetsa bamboyu si ETA ayi, si Madridnso, ndi chipani chake chomwe, ndipo pansi pa mkanganowo panali ndalama. Ku Basque wotolera misonkho si Madrid. Dongosolo lotolera okha misonkho la Concierto Económico, lomwe Franco analanda Bizkaia ndi Gipuzkoa mu 1937 powalanga, linabwerera mu 1981, koma otolerawo ndi maboma a zigawo zitatu zija, iwo ndi amene amagawirako boma la lehendakari, ndipo gawo lina limapita ku Madrid. Ndiye lehendakari ali ngati bambo wapakhomo amene chikwama chili ndi ana ake. Garaikoetxea ankafuna boma lapakati lamphamvu, akuluakulu ambiri achipani, mbali ya mtsogoleri wachipani Xabier Arzalluz, ankafuna mphamvu zikhalebe kuzigawo, lamulo la 1983 logawa mphamvuzi linangokolezera moto. Komanso PNV ili ndi mwambo woti wotsogolera chipani ndi wina, wotsogolera boma ndi wina, ndipo wabomayo azimvera chipani. Anawina chisankho cha 1984 ndi mipando 32 mwa 75 koma December wa chaka chomwecho anachoka pampando, José Antonio Ardanza nkulowa mu January 1985. Mu 1986 Garaikoetxea anayambitsa chipani cha Eusko Alkartasuna, pa chisankho cha November chinatenga mipando 13, PNV inatsika kufika 17, a Socialist nkupeza 19.

Apa kalasi inayaka. Ena akuti anachita bwino kukana kukhala chidole cha chipani, ena akuti anagawa anthu ake chifukwa cha mtima wodzikonda, mnyamata wina kumbuyo nkuikokera kwathu kuno, nkhani ya federalism ija komanso makhonsolo athu odikira ndalama kuchokera ku Capital Hill. Ndinamulola pang'ono kenako ndinamubweza, chifukwa kumeneko zinthu ndi zotembenuka, ndalama zimachokera pansi kukwera mmwamba. Maganizo anga ndinawauza mosabisa, ine ndili mbali ya Garaikoetxea pa nkhani yoti wosankhidwa ndi anthu asamalamulidwe ndi komiti imene anthu wamba sanaivotere, ngakhale kugawanikako kunawawa ndithu, anthu a banja limodzi mpaka osayankhulana.

Lachisanu linali la miting'i ya dipatimenti ndi kuchonga mapepala a kalasi ina mpaka msana kuwawa. Ndawapatsa asayimenti ya masamba atatu, aliyense asankhe mbali, Garaikoetxea kapena Arzalluz, aiteteze pa nkhani ya misonkho yokha osathawira ku ETA. Wa federalism uja wabwera kale ku ofesi kudzapempha kuti alembe masamba asanu, ndamulola.