Tambala wa a Hedi ndi misampha yanga 30

Mlungu wonse ndinkaphunzitsa za nyukiliyasi, kachigawo ka pakatikati pa atomu, koma ana anga a Giredi 12 ankangoti kukamwa yasa. Loweruka ndinapita kumsika wa Kapata n'kugula misampha ya makoswe 30, ya sipuling'i ija. Mayi wogulitsa anandiyang'ana mwachisoni: "Aphunzitsi, makoswe afika pamenepa kwanuko?" Sindinayankhe.

Nzeru yakeyo inali yabwino, mpaka lero ndimaikira kumbuyo. Mu nyukiliyasi ya yureniyamu-235 muli tizigawo ting'onoting'ono, mapulotoni 92 ndi manyutuloni 143. Mapulotoniwo ali ndi chaji yofanana, choncho mphamvu ya magetsi imawakankhanitsa. Imeneyo ndiyo sipuling'i yopindidwa. Chimene chimawamanga pamodzi ndi mphamvu yaikulu ya mu nyukiliyasi, yoposa zonse koma ya mkono waufupi, moti kunja kwa nyukiliyasi siifika. Imeneyo ndiyo kawaya kokola msampha. Nyutuloni imodzi ikalowa, nyukiliyasi imagwedezeka n'kutalika, kawaya kaja kamapulumuka, nyukiliyasi n'kung'ambika pawiri, mwachitsanzo kukhala bariyamu ndi kiriputoni. Pamatuluka kutentha ndi manyutuloni awiri kapena atatu, amene amakagunda manyukiliyasi ena.

Timipira topepuka tinalibe, ndiye manyutuloni anga anali mtedza wa Chalimbana wosasenda, makoko awiri pamsampha uliwonse.

Lolemba ndinatchera misampha pasimenti, motalikirana pafupifupi theka la mita. Ndinaponya khoko limodzi. Phwa! Wachiwiri phwa! Kenako zii. Mnyamata wina kumbuyo anati, "Sa, bomba lanu lamwalira." Ndinamuuza kuti wanena zoona. Yureniyamu ikachepa kapena ikamwazikana, manyutuloni ambiri amathawira kunja osagunda kanthu. Ngakhale yokumbidwa pansi, gawo la 235 limangokhala 0.7 peresenti, n'chifukwa chake malo ambiri opangira magetsi a nyukiliya amagwiritsa ntchito yureniyamu imene gawoli lakwezedwa kufika 3 mpaka 5 peresenti.

Apa ndinaithithikiza misampha ija mpaka kukhudzana. Masamu ake ndi osavuta: 1, 2, 4, 8, 16, maulendo asanu okha misampha yonse yatha. Koma ndinaiwala zinthu ziwiri zimene riyakitala iliyonse, chipangizo chong'ambiramo manyukiliyasi, imafunika kukhala nazo. Choyamba ndi ndodo za boroni kapena kadimiyamu zomeza manyutuloni, kuti pa kung'ambika kulikonse nyutuloni imodzi yokha ndiyo ipitirize ntchito. Wasayansi Enrico Fermi anali nazo za kadimiyamu mu riyakitala yake ku Chicago pa 2 Disembala 1942. Chachiwiri ndi chotsekera. Ine ngakhale katoni ndinalibe, chitseko chili pululu.

Ndili chigwadire pakati, chala chili pakawaya ka msampha womaliza, tambala wa a Hedi analowa. Anaona mtedza. Ndinati "Shii!" mwaulemu, iye n'kujompha.

Abale, sekondi siinakwane. Phwaphwaphwaphwa! Mtedza kudenga, mtedza m'maso, misampha kuuluka ngati ziwala. Wina unandiluma chala chamkombaphala, wina unakakamira tayi. Ndinadumpha n'kuponda makoko, ndipo mphamvu yokoka ya dziko, yofooka kwambiri pa mphamvu zinayi zikuluzikulu za m'chilengedwe, inandikwanira bwino lomwe. Khu! Chagada. Ana anali pamwamba pa madesiki, akulira ndi phwete.

A Hedi anatulukira tambala wawo akuwadutsa m'miyendo, msampha uli lendelende kumchira.

"Bambo aphunzitsi, nkhuku yanga yalakwa chiyani?"

"Inali nyutuloni, bwana."

Sanaseke.

Mphamvu yachinayi ndinaiphunzitsa chala chili m'kapu ya madzi ozizira. Ndi mphamvu yofooka ya mu nyukiliyasi, imene imasandutsa nyutuloni kukhala pulotoni n'kutulutsa elekituloni. Zidutswa za yureniyamu zija zimakhala ndi manyutuloni ochuluka, ndiye zimapitiriza kusintha chotero n'kumatenthabe riyakitala itazimitsidwa kale. Madzi oziziritsa akasiya kuyenda, mafuta ake a yureniyamu amasungunuka, monga zinachitikira ku Fukushima ku Japan mu 2011. Mtsikana wina anakweza dzanja: "Ngati chala chanucho, Sa? Misampha yaleka koma chikuwawabe?" Ndinamupatsa mamaliki pomwepo.

Misampha analanda a Hedi. Ili kunkhokwe kwawo, ndipo ndikumva kuti ikugwira bwino. Tambala uja akandiona amalowera kuseri kwa chimbudzi.