Mmene JoSAA imagawira malo a uinjiniya ku India

Masiku ano ndikuwerenga za kagawidwe ka malo m'makoleji a uinjiniya ku India, ndipo chandigwira mtima kwambiri ndi zimene zimachitika zotsatira za mayeso zikatuluka.

Mwana amayamba walemba mayeso otchedwa JEE Main. Okhoza bwino pafupifupi 250,000 amaloledwa kulemba JEE Advanced, mayeso olowera m'masukulu 23 a boma a uinjiniya otchedwa IIT (Indian Institutes of Technology), ndipo aliyense amapatsidwa nambala yosonyeza pamene waima pakati pa anzake. Kenako amalowa patsamba la JoSAA, bungwe limene lakhala likugawa malowa kuyambira 2015, n'kundandalika makoleji ndi makosi, kuyambira amene akuwafunitsitsa. Kompyuta imamupatsa malo apamwamba kwambiri pamndandanda wakewo amene omuposa sanadzaze.

Apa mpamene ndakhalitsa. Mwana akaika pamwamba kosi yolimbirana, monga ya makompyuta ku IIT Bombay, sataya kanthu. Ikamukana, kompyuta imangotsikira pa yachiwiri ngati ndiyo inali yoyamba. Koma akaika pamwamba kosi yosaifuna chifukwa cha mantha, n'kuipeza, zonse zili m'munsi zamupita, ngakhale nambala yake ikanamulowetsa. Tsiku lotseka likadutsa, mndandanda sasinthanso.

Malo amagawidwa maulendo angapo. Amene wapeza malo amalipira ndalama yowagwirira, n'kusankha Freeze ngati wakhutira, Float ngati akudikira china chapamwamba kulikonse, kapena Slide ngati akufuna kosi ina pakoleji pomwepo. Akaphonya tsiku lolipira amachotsedwa, nambala yake ikhale yabwino chotani.

Palinso malo osungidwa: 15 pa 100 alionse ndi a magulu a SC (anthu amene ankasalidwa chifukwa cha gulu lobadwira), 7.5 a mitundu ya ST (mafuko amene boma linawaika pamndandanda wa otsalira), 27 a OBC (magulu ena otsalira pa maphunziro ndi chitukuko), ndipo kuyambira 2019 malo 10 ndi a mabanja osauka ochokera m'magulu ena. Ife amene tinakula tikumva mikangano ya kota kwathu kuno, izi sizitidabwitsa.

Nkhawa yanga ili pa mwana wakumudzi amene wakhoza bwino koma alibe mkulu wake kapena mphunzitsi womufotokozera kuti kuika pamwamba chimene akufunadi sikumupweteka. JoSAA imasindikiza manambala amene kosi iliyonse inatsekera zaka zam'mbuyo, ndiponso imagawa malo mongoyesezera mndandanda usanatsekedwe kuti mwana aone kumene akugwera. Zonsezi ndi zaulere, komabe zimafuna intaneti yodalirika ndi munthu wokhala naye pansi n'kuwerenga naye mzere ndi mzere.