Tsiku limene ndinafafaniza Maule

Anthu akamakamba za magemu amene anasintha moyo wawo, ambiri amatchula zinthu zaulemu. Wina amati Snake wa pa Nokia 3310 anamuphunzitsa kudekha, wina amati Chingerezi chake anachitola pa GTA San Andreas, ndipo Chingerezi chakecho n'chotani sitifunsa. Yanga ine ndi Pro Evolution Soccer 6 ya kampani ya Konami, imene inatuluka mu 2006. Sinandiphunzitse kalikonse kaphindu. Inangondipalamulitsa mlandu.

Ndinakulira ku Ndirande. Chakuseri kwa msika kunali kashedi kamalata ka bambo wina amene tonse tinkangowatchula kuti a Kochi, ngakhale sanaphunzitsepo timu ina iliyonse ya anthu opuma mpweya. M'katimo munali mabenchi awiri, TV ija yamsana waukulu, ndi PlayStation 2 imene achimwene awo anawatumizira kuchokera ku Joni. Mapadi analipo awiri, ina yabwinobwino, ina yomangamanga ndi selotepi, imene batani lake la R1 linkagwira likafuna lokha. Wobwera kumene ankalandira ya selotepiyo. Lamulo linali lakuti wogonja ndiye alipire, wopambana akhalebe pampando, choncho ndalama za mandasi, za sopo, nthawi zina ndi zakuchigayo zomwe, zinkathera pamenepo.

Amene munaisewerako gemuyi mukudziwa kuti munali munthu mmodzi woopsa, Adriano wa Inter Milan, amene mphamvu ya shoti yake inali 99. Ukangomuikira mpira kuphazi lamanzere n'kudina batani la bokosi, goloboyi ankadumpha pongokwaniritsa mwambo. M'timu yomweyo munalinso Ibrahimović, Figo, Crespo ndi Zanetti. Zinafika poti a Kochi analemba ndi khala pachitseko kuti Inter njoletsedwa. Otsatira Liverpool ankafufuza timu yawo mpaka kuipeza ikutchedwa Merseyside Red, a Chelsea ankaipeza ili London FC, chifukwa Konami inalibe chilolezo chogwiritsa ntchito mayina enieniwo. Koma Malawi munalibemo ndi dzina labodza lomwe. Angola ndi Togo, amene chaka chimenecho anapita ku World Cup ya ku Germany, analimo. Ife ayi.

Zimenezi a Kochi zinkawawawa mumtima, ndipo anaganiza zozikonza okha. M'gemuyi muli gawo lotchedwa Master League. Umayambira mu divishoni yachiwiri ndi gulu la anthu oti padziko lino kulibe: Castolo kutsogolo, Minanda pakati, Valeny kumbuyo, Ivarov pagolo. Castolo ankathamanga ndithu, koma iye ndi golo sankamwerana madzi. Ukawina umapeza mapointi, mapointiwo ndiye ogulira osewera abwino komanso olipirira amene uli nawo kale, ndipo akakuthera ntchito yakutheranso. Ndi gemu yofuna mtima wa mlimi, si ya anthu opupuluma.

A Kochi anali a Maule mpaka m'mafupa, a mtundu uja amene mpaka lero amakusimbira za 2004, pamene Bullets ya Kinnah Phiri inafika m'magulu a CAF Champions League, ndipo sakulola kuti udzuke asanamalize. Anapanga timu ya yunifomu yofiira ndi yoyera, n'kumachezera usiku akuumba osewera mmodzimmodzi, Peter Mponda, Fischer Kondowe ndi anzawo, kuyambira msinkhu, nkhope mpaka kametedwe. Kondowe wawo ankafananako ndithu. Mponda anatuluka ndi nkhope ya munthu wina wake wa ku Portugal, koma panalibe wolimba mtima wowauza. Pang'ono ndi pang'ono timuyo inakwera divishoni, a Castolo ndi anzawo anagulitsidwa, ndipo tsiku lina Ndirande inadzuka n'kumva kuti a Kochi agula Adriano. Taganizani, Kondowe akuthamanga chakumbali, n'kuponyera krosi Adriano. Loweruka madzulo masewera olipira ankaima, a Kochi n'kukhala pampando okha, ife tonse n'kumaonerera, ena atakwera pamiyala kusuzumira pamipata ya malata. Chuma chonsechi chinkakhala m'kanthu kakuda kaja kotchedwa memory card, ka 8MB, kamene a Kochi poweruka ankakazula n'kukaika m'thumba la malaya, chapamtima.

Ine ndine wa Manoma. Ku Ndirande zimenezi sunkaimba nazo lipenga.

Tsiku lina m'nyengo yozizira a Kochi anaitanidwa mwadzidzidzi ku Limbe. Pothamangira minibasi anaiwala kuzula memory card, ndipo kiyi anandisiyira ine chifukwa ndinkaoneka wofatsa komanso ndinkatha kubweza chenje. Kunja kunali chiperoni, kamvula kaja kosatha kolowa mpaka m'mafupa, ndipo kasitomala sanabwere ndi mmodzi yemwe. Ndinatsala ndekha ndi TV, ndi padi yabwino ija imene ndinkangoionera m'manja mwa eni.

Maganizo anabwera mwaulemu kwambiri. Bwanji nanenso ndiyambe Master League yangayanga, yaing'ono chabe, yapambali, yosasokoneza munthu? Ndinasankha yunifomu ya buluu. Pakati ndinaumbapo Joseph Kamwendo. Kutsogolo ndinaganizaganiza kuti ndiike ndani, ndipo ndinapeza kuti munthu woyenera ndine. Ndinalemba dzina langa ndi la bambo anga, zilembo zikuluzikulu, nambala 9 kumsana. Liwiro 99, shoti 99, mutu 99, chenga 99, mpaka luso logwira pagolo ndinadzipatsa 99, poti zamawa sizidziwika. Msinkhu ndinawonjezerako pang'ono, pachifuwanso chimodzimodzi. Masewera oyamba ndinagoletsa mpaka ndinayamba kuwamvera chisoni adaniwo.

Ndili m'kati mokondwa ndinamva likhweru la a Kochi chakumsika. Ndinathamangira kusunga timu yanga. Pa TV panatuluka funso la mizere iwiri, koma ndani ankawerenga zimenezo? Tonse tinazolowera kungodinadina X kuti zolembalemba zichoke msanga, ndipo pakakhala Yes ndi No ine ndinkasankha Yes, chifukwa No anali asanandifikitsepo kulikonse. Ndinathimitsa makina, ndinasesa pansi, a Kochi polowa anandipeza ndikupukuta mabenchi. Anandiyamikira pamaso pa anthu, n'kundigulira mandasi awiri.

Loweruka kashediko kanadzaza mpaka kukhomo, chifukwa timu yofiira inali itafika mu fainolo ya chikho. A Kochi anabwera atavala jezi yawo, anapukuta manja pa thalauzi, analowetsa memory card, n'kutsegula Master League. Pa TV panatuluka timu ya buluu. Divishoni yachiwiri. Ivarov pagolo, Valeny kumbuyo, Minanda, Castolo, onse abwerera ngati alendo akumudzi amene unawaperekeza kudepoti dzulo, lero n'kuwapeza akhalanso pakhonde ndi zikwama zawo. A Kochi anatuluka m'gawolo n'kulowanso. Buluu. Anathimitsa makina, anazula memory card, anaipemerera, anaipukuta pa jezi, n'kuyatsanso. Buluu yemweyo. M'kashedimo munali zii, moti unkamva mafuta a chipisi akuthetheka panja.

Ndiye kamwana kena ka Sitandade 3, kamene kanali katangophunzira kuwerenga ndipo kankafuna dziko lonse lidziwe, kanaloza nambala 9 n'kuyamba kutchula dzina langa mokweza, chilembo ndi chilembo.

Mwa chisomo chokha tsiku limenelo ndinakhala kufupi ndi chitseko. Kamwanako kasanafike pa dzina la bambo anga, ine ndinali nditadutsa kale ogulitsa makala. Patapata imodzi inatsalira pamenepo. Mtsinje wa Nasolo ndinauwoloka osafunsa kumene kuli mlatho. Kumbuyo ndinkamva mawu akuti "Wa Noma! Anachita kumutuma!" ndipo ndinazindikira kuti nkhaniyi yasanduka ya ndale.

Kuyambira pamenepo kusukulu ndinkazungulira njira yaitali, kumsika ndinkatuma mlongo wanga pomulipira, ndipo amayi ankauza anzawo kutchalitchi kuti mwana wawo wasiya yekha magemu. Nditalemba mayeso a Fomu 4 ndinapita ku Lilongwe, ndinapeza ntchito, ndinamera ndevu, nkhani ija n'kuiwalika.

Patapita zaka ndinapeza mbeta, mtsikana wa kwaya, waulemu wake. Makolo ake anali ku Machinjiri, ndipo inafika nthawi yokaonekera. Ndinatenga malume anga a ku Thyolo, munthu wa mpingo amene foni yake mpaka lero ndi ya mabatani, ndi achimwene anga aakulu. Malume anandilangiza njira yonse: maso pansi, manja pakati pa mawondo, usayankhe usanafunsidwe, nyama utenge nthuli imodzi. Tinalandiridwa bwino, tinakhala pabalaza, kenaka analowa mwini mbumba, malume ake a mtsikanayo. Ine ndinangoona nsapato zakuda zopolishidwa bwino ndi kamimba ka munthu amene zinthu zikumuyendera. Moni anaperekedwa. Malume anafotokoza kumene tachokera, mudzi, mfumu, kenaka anatchula dzina langa lonse.

"Mwati ndani?"

Mawuwo ndinawadziwa. Thukuta linayambira kumsana.

Malume anabwereza, monyadira, mpaka anawonjezera kuti ndine mwana wosadziwa kukangana ndi munthu. Mwini mbumba anavula magalasi n'kuitana mwana. "Pita kuchipinda, pansi pa bedi pali sutukesi. M'thumba la jekete yakuda muli kaenvulopu. Bwera nako."

Kaenvulopu kanabwera. A Kochi, pakuti anali iwowo, imvi zokha ndiye zachilendo, anatulutsa memory card n'kuiika patebulo pakati pa mabotolo a zakumwa.

"Bambo," anatero kwa malume, "mwana wanuyu ife timamudziwa. Anatithera anthu."

Malume anachotsa chipewa pabondo n'kuchigwira ndi manja awiri. "Pepani bambo, anthu angati?"

"Timu yathunthu. Mponda, Kondowe, ndi Adriano amene ndinavutika naye kusunga mapointi osagula wina aliyense. Onse tsiku limodzi."

"Mayo ine! Koma Mpondayo si uja timamumva pa wailesi? Ali moyo ameneyo!"

"Si ameneyo. Ndikunena wanga. Onsewo ndinkawasunga muno." A Kochi anagogoda memory card ndi chala.

Malume anayang'ana kanthu kakudako, anayang'ana a Kochi, kenaka anasendeza mpando wawo chammbuyo pang'onopang'ono. Anatembenukira kwa ine n'kunong'ona mokweza moti aliyense anamva: "Iwe mphwanga, zimenezi unazilowa liti? Anakulowetsa ndani?"

Achimwene anga anali atabisa nkhope m'manja, mapewa okha akugwedezeka. Kuseri kwa katani ndinamva mbeta yanga ikuseka mpaka kutsamwa, azimayi akuiletsa uku nawonso akuseka. Kuwafotokozera malume kuti anthuwo anali a pa TV kunatenga nthawi yaitali kuposa nkhani imene tinabwerera, ndipo sindikhulupirira kuti anakhutira, chifukwa chakudya chitabwera anapempherera mbale yawo payokha.

Ine ndinagwada. Ndinati ndigula memory card ina, ngakhale makina atsopano. A Kochi anapukusa mutu. "Mlandu suola, mwana wanga, ndipo uwu si wa ndalama. Mbeta tikupatsa, mwanayu wakukonda yekha, ife sitingaletse. Koma timu yanga ibwerere." Chigamulo chinali chakuti ndipereke nkhuku imodzi, kuti malume aone kuti mwambo watsatidwa, kenaka ndi manja anga omwewa ndiitenge timu ija, ndiiveke zofiira, ndiumbenso Mponda ndi Kondowe, ndiikweze divishoni, ndigule Adriano, ndiifikitse mu fainolo imene inasiyira. Zonsezi zichitikire m'nyumba mwawo, iwo akuona, ndi padi ya selotepi. Inalipo. PlayStation 2 nayo inalipo, yofunditsidwa kansalu koluka.

"Nanga nambala 9 uja ndimufafanize?" ndinafunsa.

"Ayi. Ameneyo umutsitse mphamvu zonse, akhale pabenchi. Azionerera."

Chinkhoswe chinachitika, tambala ndi msoti zinasinthanidwa, ukwati tinamanga. Koma tikapita ku Blantyre patchuthi, anzanga amafikira kulonjerana ndi kumwa thobwa pakhonde, ine ndimafikira pa TV. Zala zinauma, R1 ija inaipiraipira, ndipo a Kochi amakhala kumbuyo kwanga atapinda manja. "Pasa, mkamwini, pasa! Minanda ali yekha uyo! Kodi ku Noma anakuphunzitsani chiyani?" Divishoni ndinakwera movutikira, koma mapointi ogulira Adriano akakhala pang'ono kukwana, malipiro a osewera amawadya. Pabenchi pamakhala munthu wa dzina langa, wamtali bwino, wa pachifuwa potakata, amene sangathe kuthamanga kuchoka pakati pa bwalo kufika pagolo.

Mwana wathu woyamba atabadwa, mwaulemu tinapempha a Kochi kuti amutche dzina. Sanaganize n'komwe. Anati Castolo. Mayi a kunyumba anakana kwamtuwagalu, ndipo mwanayo ali ndi dzina lake labwinobwino la m'Baibulo limene lili pa khadi la kusikelo. Koma ku Machinjiri palibe amalidziwa, ndipo iye mwini ukamuitana ndi la m'Baibulolo amayamba wayang'ana kumbuyo kuti aone amene ukumuitana.

Pa Khirisimasi yapitayi a Kochi anati ndipumuleko pa ntchito yanga, ndimenyane ndi Castolo gemu imodzi. Mwanayo anapatsidwa padi yabwino. Ndikuona akusankha Inter. Ndinadandaula kuti timu imeneyo njoletsedwa kuyambira kalekale, zinalembedwa ndi pachitseko pomwe. A Kochi anati lamulo limenelo silikhudza adzukulu, ndipo anamuonetsa mwanayo pamene pali batani la bokosi. Zinathera 6 kwa 0, ndipo poti wogonja ndiye amalipira, ananditumiza kugolosale kukagula zakumwa za nyumba yonse.