Makompyuta a pasukulu pathu asiya kudzitseka, koma sudo inandidyera tsiku lathunthu

Lero ana a Fomu 3 amaliza phunziro lonse popanda wina kukweza dzanja n'kunena kuti "madamu, yatseka." Chiyambire teremu ino n'koyamba. Mtima wakhala pansi, koma ndikakumbukira K30,000 imene inapita pachabe ndimapsabe mtima, n'chifukwa chake ndati ndilembe kuti aphunzitsi anzanga musagwe m'mbuna yomweyi.

Sukulu yathu ili cha ku Linthipe kuno ku Dedza. Tili ndi makompyuta 14 amene tinalandira ngati thandizo, onse ali ndi Ubuntu 22.04, pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta. Vuto lalikulu linali lakuti mwana akangosiya kugwira mausi kwa mphindi zisanu, sikirini inkada n'kudzitseka, ndiye ine ndizizungulira chipinda chonse kulemba pasiwedi. M'mwezi wa Juni uno, ndi mmene kumazizirira kuno, ana amabisa manja m'majuzi pomvetsera, ndiye makompyuta ankatseka onse pamodzi. Vuto lina n'lakuti ana ankasintha chithunzi cha pa sikirini tsiku lililonse.

A Hedi anavomera kuti tiitane munthu wodziwa za makompyuta kuchokera pa boma. Anabwera pa kabaza, anayang'ana pang'ono, n'kuti, "Madamu, izi n'zofunika kufomata basi." Ndinamufunsa kuti, "Achimwene, palibe njira ina?" Anati palibe. Anafomata makompyuta awiri, n'kulandira K30,000 kuphatikiza ya mayendedwe. Asanafike n'komwe pa msewu wa M1, awiri aja anali atadzitseka kale. Chifukwa chake n'chosavuta: mphindi zisanuzo, kapena kuti masekondi 300, ndi mmene GNOME, pulogalamu ya desktop ya Ubuntu, imabwerera ikakhala yatsopano. Kufomata kumangobwezeretsa zomwezo. Ntchito za ana zimene zinali m'makompyuta awiriwo zinapita. Ndalamayo inali yoti tigulire mapepala a mayeso. Foni yake mpaka lero sakuyankha.

Ndiye ndinaganiza zochita ndekha pa Terminal, pamene mumalemba malamulo a kompyuta. Mukadina Ctrl, Alt ndi T imatseguka. Lamulo lake ndi gsettings. Kuti sikirini isade, ndiponso isamafunse pasiwedi, mumalemba:

gsettings set org.gnome.desktop.session idle-delay 0
gsettings set org.gnome.desktop.screensaver lock-enabled false

N'zomwezo basi. Koma ine Loweruka lonse linathera pamenepa, chifukwa ndinazolowera kuti chilichonse chachikulu pa Ubuntu chimayamba ndi sudo, mawu opatsa lamulo mphamvu pa kompyuta yonse. Ndinkalemba sudo gsettings set, pena kunkabwera chenjezo lotchula dconf, pulogalamu imene imasunga zokonda za pa desktop, pena kunkangoti zii, ine n'kudikira mphindi zisanu, sikirini n'kuda. Ndinabwereza pa makompyuta asanu ndi limodzi. Masana magetsi anathima, ndinakhala m'chipindamo maola awiri zala zitauma ndi chisanu, atayaka ndinayambiranso zomwezo. Ndinafika kunyumba kutada, palibe chimene chasintha.

Chimene ndinadzamvetsa Lamlungu n'chakuti zokonda za pa desktop zimasungidwa payekhapayekha, aliyense m'fayilo yake yotchedwa user, m'foda ya .config/dconf ya mu akaunti yake. Mukayamba ndi sudo ndiye kuti mukulamula ngati root, akaunti yaikulu ya kompyuta, ndipo akaunti ya ana simukuikhudza n'komwe. Musaike sudo kutsogolo kwa gsettings. Lowani mu akaunti imene mukufuna kusinthayo, mulembe lamulolo lili lokha. Kuti mutsimikize, sinthani set kukhala get n'kuchotsa 0 kapena false wa kumapeto uja, ikuonetsani chimene chilipo. Mukasokoneza, reset imabweza mmene zinalili.

Ndinaiwala za kiyibodi. Makompyuta athuwa ali ndi makiyibodi a ku UK koma anaikidwa ngati a ku America, ndiye mwana akadina pamene palembedwa @ kunkatuluka chizindikiro china. Phunziro la imelo linkangothera kusakasaka @. Izinso ndi mzere umodzi:

gsettings set org.gnome.desktop.input-sources sources "[('xkb', 'gb')]"

Munthu wa pa boma uja ataona zimenezi anati makiyibodiwo ndi akutha, tigule ena. Mwamwayi a Hedi anati ndalama palibe.

Kompyuta imodzi itakhala bwino sindinafune kulembanso zonse pa ina iliyonse. Ndinalemba dconf dump / > zokonda.txt, ndinakopera fayiloyo pa flash, kenako pa makompyuta enawo dconf load / < zokonda.txt. Apanso osaika sudo. Fayilo imeneyi ndi mawu wamba, mutha kuitsegula n'kuchotsa mizere imene simukuifuna, ndipo ndi bwino kutero chifukwa imanyamula chilichonse chimene munasinthapo pa kompyuta yoyambayo.

Za chithunzi zija ndiye zinafuna njira ina, chifukwa chimene ndaika ine mwana amatha kuchisintha mawa lake. Apa pokha ndi pamene sudo imafunika, poti mukulemba m'foda ya /etc. Mumapanga fayilo /etc/dconf/profile/user yokhala ndi mizere iwiri, user-db:user ndi system-db:local. Zokonda zanu mumaziika m'fayilo ya mu /etc/dconf/db/local.d, ndipo zimene simukufuna kuti ana azisinthe mumazitchula m'fayilo ina, m'foda ya locks ya momwemo. Pomaliza sudo dconf update, kenako kutuluka mu akaunti n'kulowanso. Pa Ubuntu 22.04 mutseke zokonda ziwiri zonse za chithunzi, picture-uri ndi picture-uri-dark, apo ayi mwana akangosankha maonekedwe akuda chithunzi chanu sichionekanso. M'mafayilo amenewa mayina amalekanitsidwa ndi / osati kadontho ngati pa gsettings, ndipo idle-delay muilembe kuti uint32 0, osati 0 yekha. Kameneka kanandidyeranso ola.

Chinanso, sikirini kusada sikutanthauza kuti kompyuta siigona. Zimenezo zili pa org.gnome.settings-daemon.plugins.power, pamene sleep-inactive-ac-type mumaiika kukhala 'nothing'. Dzina la chinthu likakusowani, gsettings list-recursively imatulutsa zonse, inu n'kusefa ndi grep, lamulo lofufuzira mawu.

Panopa makompyuta 12 ali bwino, ndipo onse akuonetsa chithunzi cha phiri la Dedza chimene anajambula mwana wa Fomu 4. Awiri amene anafomatidwa aja ndiwamaliza Lolemba, chifukwa ndiyenera kuyamba ndabwezeretsamo mapulogalamu amene anafufutika, ndipo bandulo yake ituluka m'thumba mwanga. Mphunzitsi mnzanga wa ku Ntcheu wandiimbira dzulo kuti kwawonso makompyuta akudzitseka. Ndamutumizira mizere iwiri yoyamba ija ya gsettings pa WhatsApp, ndipo pansi pake ndalemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti asaike sudo.