Chifunga cha ku Pungwe pa tebulo langa ku Harare

Ofesi yathu ili ku Workington, ndipo ntchito yanga ndi kutumiza malole ku doko la Beira ndi kuwalondola mpaka abwerere. Nyanja ndinaionako kawiri kokha chibadwire. Komabe Okutobala akangolowa, nyengo imene ndimadzuka nayo m'mutu si ya kuno ku Harare, kumene jakaranda wayala maluwa m'misewu ndipo milomo ikung'aluka ndi kuuma. Ndimadzuka ndi ya kumunsi uko, makilomita oposa 550 kuchokera pampando wanga.

Sabata yathayi tinali ndi malole 6 okatenga feteleza wobereketsa wa yuleya. Lole iliyonse imasenza matani 30, omwe ndi matumba 600 a makilogalamu 50. Mwini katundu amafuna zonse zikhale m'masitolo mvula isanayambe, poti alimi ambiri amagulira limodzi wokulitsa ndi wobereketsa ndalama ikadali m'manja.

Lolemba, tambala asanalire kachiwiri, foni inalira. Anali adalaivala athu aakulu kuposa onse, bambo a kwawo ku Ntcheu amene ndimawatchula amalume, chifukwa agogo anga nawonso anachokera chakomweko. Ine ndi iwo sitiyankhulana Chishona kapena Chingerezi, ngakhale pa nkhani za ntchito. Anapakira Lamlungu madzulo n'kugona ku Dondo, tauni ya pafupi ndi Beira.

"Mwanangu, pano ngakhale lole ya kutsogolo kwangaku sindikuiona. Sindinyamuka mpaka dzuwa likwere."

Anatumiza chithunzi pa WhatsApp. Munali poyera pokhapokha, ndi timadontho tiwiri tofiira ta nyali za mnzawo amene anaima masitepe ochepa patsogolo pawo. Pagalasi madzi anali chuchuchu ngati wina wawazapo.

Chifunga cha kumeneko sichifanana ndi chiperoni chimene agogo amasimba, chija chozizira mpaka m'mafupa. Ichi n'chofunda. Munthu umatuluka thukuta uli m'kati mwake, malaya n'kumata pamsana. Madzi a m'nyanja ya pakati pa Mozambique ndi Madagascar ndi ofunda, ndiye masana mphepo ya kunyanja imakankhira mpweya wodzaza chinyezi kumtunda. Usiku kukakhala bata, kumwamba kuli ngwee, nthaka imazizirako, mpweya uja umalephera kusunga chinyezi chonse, n'kuchitula m'madambo a mtsinje wa Pungwe, pakati pa Dondo ndi Tica. Onjezanipo utsi wa lupsa, poti ino ndi nyengo yotentha tchire. Ndipo msewu wa N6, wochokera ku Beira kukafika kumalire a Zimbabwe, m'mamawa sukhala wa malole okha. Mumakhala anthu a njinga atasanjikiza matumba a makala, amayi opita kumunda, ana asukulu, mbuzi. Lole ya matani 30 siima pamene phazi lapondera buleki.

Abwana atafika anasuzumira pawindo nati, "Chifunga chake chiti? Kunjaku kulibe ngakhale kamtambo." Ndinawakumbutsa mwaulemu kuti ife tili pamwamba, mamita pafupifupi 1,500 kuchokera pamene pali nyanja, pomwe Beira ili m'mphepete mwa madzi mwenimweni. Anakhala chete. Iwonso amakumbukira Malichi wa 2019, pamene namondwe wa Idai anagumula Beira ndi kudula N6, amalume omwewa ali tsidya linalo ndi lole yathu. Kuyambira nthawi imeneyo, mawu a amalume pa za nyengo amamveka, ngakhale amamveka mong'ung'udza. Amalume ananyamuka cha m'ma 8 koloko.

Lachiwiri linapita ndi mapepala a pamalire: mzere ku Machipanda mbali ya Mozambique, mzere ku Forbes mbali ya Zimbabwe, chikalata china cholembedwa nambala yolakwika. Madzulo malole awiri anali atakwera chitunda cha Christmas Pass, pafupi ndi Mutare.

Lachitatu ndilo linandiphwanya mutu. Malole 3 anali padoko kudikira kupakira, ndipo zolosera zanyengo, za INAM, bungwe la zanyengo la ku Mozambique, ndi za pafoni pomwe, zimasonyeza kuti masana kungagwe mvula ya mabingu. Yuleya ameneyu amabwera pa sitima yapamadzi wosapakira m'matumba, amamuthira ndi kusoka matumbawo padoko pomwepo. Ndi feteleza wokonda madzi moti amayamwa ngakhale chinyezi cha mumpweya. Mtambo wakuda utaimirira chakumadzulo, a m'sitima anatseka zivundikiro zonse, ntchito n'kuima. Mabingu anagunda, ziphaliwali zinang'anima, koma padokopo sipanagwe dontho.

Mwini katundu anaimba atakwiya, akuti tataya tsiku pachabe. Ine sindikuvomereza. A zanyengo akanena kuti mabingu angakhalepo, sakulonjeza kuti mvula igwera padenga pako. Mvula ya mtundu umenewu imakhuthuka pamudzi uwu, mudzi woyandikana nawo fumbi lili koboo. Wotseka sitima sadziwa kuti mtambowo utula pati, ndipo akaphonya kamodzi, wanyowetsa katundu wokwana malole ambirimbiri. Ndinawafotokozera zimenezi modekha, koma m'mimba munali mutatentha, chifukwa lole yoima imadyabe ndalama: chakudya cha dalaivala, malo oimikapo, ndi ulendo wina umene taphonya.

Kutentha kwa m'mimba kumeneku ndiko kunandilakwitsa Lachinayi. Mnyamata wathu watsopano, wobadwira ku Mufakose kuno ku Harare koma makolo ake ndi a ku Mulanje, anapakira Lachitatu usiku n'kugona ku Dondo. Chifunga chinamugwira mpaka mmawa ndithu. Ine ndinamuimbira katatu. "Achimwene, mwanyamuka? Achimwene, muli pati?" Iye pofuna kundisangalatsa sanaime ku Inchope kuti akungenso zingwe za lona monga amachitira amalume. Kuchokera pa Inchope msewu umayamba kukwera, ndipo mpweya wonyowa uja ukakwera nawo mtunda dzuwa litaswa mtengo, mitambo imaunjikana mofulumira. Mvula inamupeza pakati pa Gondola ndi Chimoio. Akuti sinathe ndi theka la ola, koma mphepo yake inakwefula ngodya ya lona kumbuyo.

"Achemwali, ndalakwitsa," anatero pafoni, mawu akunjenjemera. Ndinamuuza kuti aime pabwino, amange, apume kaye.

Lachisanu madzulo ndinapita ndekha kosungira katundu kukaona akutsitsa. Matumba ambiri anali bwinobwino, chifukwa m'kati mwake mumakhala pulasitiki. Koma 14 a kumbuyo madzi analowera pamsoko. Ndinamasula limodzi n'kupisamo dzanja. Yuleya wabwino amayoyoka m'zala ngati mapira oyera. Uyu pamwamba anali phala loterera, lozizira modabwitsa, ndipo pansi pake anali atagwirana chibuma chimodzi choti mpaka uchimenye ndi mwala. Ndinaganiza za mayi wina amene akanagula thumba limenelo ndi ndalama ya nkhuku zake, n'kukalitsegula chimanga chitafika m'mawondo. Tinawaika pambali onse 14. Mu lipoti ndinalemba za lona, ndinalembanso kuti dalaivala ndinamufulumizitsa ndine, ndi nthawi zimene ndinaimba. Mnyamata uja anaima pakhomo chipewa chili m'manja mpaka ndinamaliza kumuwerengera.

Loweruka amalume anabwera kudzatenga ndalama za ulendo wotsatira, ndipo ndinawapempha akhale pansi tione mapu. Vuto ndi lakuti chifunga chimatseka m'mawa kumadambo, mabingu amatseka masana kumtunda, ndiye wogona ku Dondo amachedwa ndi choyambacho n'kukagwera m'chachiwiricho.

"Musamatigoneke ku Dondo, mwanangu," anatero, chala chili pamapu. "Tikapakira msanga, tiziwoloka Pungwe kusanade, tizikagona ku Inchope. Kukacha tikwera mtunda mitambo isanadzuke. Tikachedwa kupakira, tigone konko, ndipo mawa lake musatiwerengere maola."

Ndasintha ndondomeko ya sabata ino motero, abwana asayina. Ndagulanso zingwe zatsopano 12 za lona. Malole 4 anyamuka mawa m'bandakucha, ndipo mnyamata wa ku Mufakose ndamuika kumbuyo kwenikweni kwa amalume. Kuno ku Harare chizimalupsa sichinagwebe.