Tchaja ya galimoto ya magetsi: musanagule waya, funsani kuti malowo ndi a ndani

Pali soketi ina pansi pa masitepe a block C imene ine ndimalumikizapo makina otchetchera kapinga, ndipo kwa zaka 6 zimene ndakhala keyateka pa complex ino, mpanda wa mafulati ambiri ku Randburg, palibe amene anaiyang'anapo kawiri. Ndiye m'mawa wina ndikutulutsa ma bin cha m'ma 5 koloko ndinangopeza chinthambo chachikasu chatuluka pa soketi yanga ija, chadutsa pa maluwa, chakwera kakhoma nkukathera m'nthiti mwa galimoto ya magetsi yoyera yatsopano, kanyali kobiriwira kakuphethira phethi phethi. Ndinagwira pulagi, inali yotentha ngati mbatata yongophula kumene.

Eni ake ndi bambo wina waulemu wake ndithu, amatipatsa moni tsiku lililonse. Nditawafunsa anati aaa Malawi, ndi magetsi ochepa chabe awa. Ochepa? Tchaja yonyamula m'manja ija imakoka pafupifupi 2.3 kW, ndiye ikagona pa soketi maola 10 ndi mayunitsi 23 amenewo, usiku umodzi wokha. Ndipo soketiyo siili pa mita yawo, ili pa mita ya tonse, bilu yake imalowa mu levy imene aliyense amalipira pakutha pa mwezi, kuphatikizapo agogo a pa nambala 3 amene galimoto alibe nkomwe. Mmene ma trustee, akomiti osankhidwa kuyendetsa complex, anamva nkhaniyi, eeeh, pa gulu la WhatsApp panayaka moto mpaka pakati pausiku.

Apa ndi pamene ndinaphunzira kuti mu complex munthu umagula m'kati mwa fulati yako basi. Khoma lakunja, kapinga, msewu, ngakhale pamene umaimika galimoto nthawi zambiri ndi za onse, zoyang'aniridwa ndi body corporate, bungwe la eni mafulati onse, iwe unangopatsidwa ufulu woti uziimikapo wekha. Lamulo lake ndi Sectional Titles Schemes Management Act ya 2011 imene inayamba kugwira ntchito mu 2016. Ndiye ngakhale ndalama uli nazo sungangoboola khoma nkukhomapo tchaja, ulembe kaye kalata kwa ma trustee, akuvomere polemba, waya achokere pa mita yako, ayike ndi munthu wa magetsi wolembetsedwa amene apereke kapepala kotsimikiza kuti wayayo waikidwa motsatira malamulo, amati CoC. Mukalephera kumvana pali bwalo lake, CSOS, kumene anthu a m'ma complex amakasumirana. Bambo aja zinawatengera miyezi ingapo, msonkhano pamwamba pa msonkhano, ndipo chimene chinakokakoka kwambiri si chilolezo koma funso lakuti mawa anthu ena 10 akagula galimoto zotere, chingwe chachikulu cholowa pa geti chija chikwanitsa? Tchaja ya pakhoma ya 7.4 kW imakoka ma amp 32, pamene nyumba zambiri kuno zimalandira 60 basi. Yatsani giza, sitovu ndi ketulo pa nthawi imodzi muone ngati simukhala mumdima.

Nkhaniyi ndinaifotokoza ngati nthabwala Lamlungu lina tikudya nsima ya kapenta kwa alamu anga ku Rosettenville, osadziwa kuti ndikuwapatsa nzeru. Alamu amayendetsa galimoto ya pa app, yonyamula anthu oitanitsa pa foni, ndipo munthu ameneyu chilichonse amaonamo bizinesi, anagulitsapo mazira, ma cover a foni, ngakhale kunyamula katundu wa anthu kupita naye kokwerera mabasi ku Park Station. Anasiya mbamu m'manja nkuti, alamu, ndiye kuti anthu a m'mafulati akuvutika kotchajira? Yadi yanga iyi galimoto zitatu zimakwana. Ndiika tchaja ziwiri pa geti, chikwangwani, anyamata a pa app azibwera usiku, ine ndizingowerenga ma rand.

Ndinaseka koma iwo sanaseke. Ndiye mkati mwa sabata ndinafunsa mzimayi wina wa pa complex pathu amene ntchito yake ndi yojambula mapulani a nyumba, ndipo zimene anandiuza ndi zimene ndikufuna abale anga muno mu Joni mumve, chifukwa alamu si okhawo amene akulota zimenezi.

Puloti iliyonse mu Johannesburg ili ndi dzina la ntchito yake pa mabuku a khonsolo, amati zoning. Buku lake ndi Land Use Scheme ya 2018, ndipo pamwamba pake pali lamulo la dziko lonse lotchedwa SPLUMA la 2013. Nyumba ngati ya alamu imakhala Residential 1, kutanthauza kuti ndi pokhala anthu. Kutchaja galimoto yako pa yadi yako palibe angakufunse, zili ngati kuyatsa firiji. Koma ukangoyamba kulandira ndalama, magalimoto achilendo nkumalowa ndi kutuluka usiku wonse, wasintha ntchito ya malowo, ndipo pamenepo umafunika kupempha chilolezo kukhonsolo kapena kusinthitsa zoning yeniyeniyo. Tibizinesi ting'onoting'ono ta pakhomo amalola koma ndi malire ake. Pempho likalowa amamata chidziwitso pa mpanda, ma neba amalandira makalata ndipo amapatsidwa masiku 28 oti anene ngati akukana. Tangoganizani neba wa alamu amene amadandaula ngakhale ndi utsi wa kanyenya, angalole mzere wa magalimoto pa geti pake 2 koloko usiku?

Ndipo chinthu chimene chinawathera mawu ndi ichi: wopempha amakhala mwini puloti, kapena munthu amene mwiniyo wamulembera kalata yomupatsa mphamvu. Alamu ndi a lendi. Landilodi wawo amangooneka pa 1 pokha.

Zina ndingodutsamo. Mukafuna kumanga shedi yoti magalimoto azibisala mvula, pulani yake imayenera kuvomerezedwa, ndipo pali mzere wake umene sumanga kupyola kuyandikira msewu. Kapinga wa kunja kwa mpanda uja, ngakhale mumatchetcha ndinu, ndi wa khonsolo, kukumbapo kuti mudutsitse waya pamafunika chilolezo cha Johannesburg Roads Agency. Mukafuna mphamvu yochulukirapo mukapempha kwa amene amakupatsani magetsi, City Power kapena Eskom malinga ndi dera, poti madera ngati Soweto, Diepsloot ndi Orange Farm ali m'manja mwa Eskom.

Nditamva zonsezi ndi pamene ndinazindikira chifukwa chake tchaja zimene timaziona zimakhala pa ma mall ngati Mall of Africa ndi Sandton City, pa ma filing'i siteshoni ndi kogulitsira magalimoto. Kale ndinkati nkukondera anthu olemera basi, ndipo pang'ono ndikadali kunena choncho, koma chifukwa china nchakuti malo amenewo ndi a bizinesi kale pa mabuku, poimika magalimoto palipo, chingwe chachikulu cha magetsi chilipo, ndiye kampani yoika tchaja ngati GridCars ikabwera sikuyambira pansi. Kampani ya magalimoto ya Jaguar ndi GridCars anayamba kuyala tchaja m'misewu ikuluikulu mu 2018 mwanjira yomweyi. Ena anasankha kuthawiratu mu tauni, ngati kampani ina imene inatsegula siteshoni yotchajira yoyendera dzuwa lokha ku Wolmaransstad pa msewu wa N12 mu 2024, poti ma sola ochuluka choncho amafuna malo aakulu ngati munda.

Chimene chimandiwawa ine nchakuti amene angapindule kwambiri ndi galimoto ya magetsi ndi munthu ngati alamu, woyenda makilomita ambirimbiri tsiku lililonse, petulo akumudya theka la zimene wapeza. Koma munthu wotereyu nthawi zambiri ndi amene amagona m'chipinda cha kuseri kwa nyumba ya wina, mita ndi yogawana anthu 8, galimoto imagona panja. Malamulo a malo anawalemba poganizira mwini puloti, ndipo ife ambiri muno dzina lathu silili pa pepala la puloti iliyonse. Sindikuti malamulowo ndi oipa ayi, ndinaigwira ndekha pulagi ija, ndikudziwa mmene moto umayambira.

Alamu sanagonje kwenikweni. Pano akuti akufuna akalankhule ndi mwenye wina amene ali ndi malo otsukira magalimoto pa msewu waukulu, poti pamenepo mwina ndi pa bizinesi kale, ndipo andituma ndifunse mayi uja mmene munthu amapezera zoning certificate, pepala la khonsolo losonyeza zoning, ya puloti imene si yake. Soketi yanga ija ma trustee anaiikira kabokosi ndi loko, kiyi ndimasunga ine, ili pamodzi ndi ya chipinda cha ma bin.