Ulendo wa gulu la Lachisanu ku Cape Town

Anzanga, a Tcheya andituma kuti ndilembe lipotili nkhani zisanayambe kusintha pa WhatsApp, poti ena ayamba kale kuuza achibale kuti tinakwera Table Mountain. Sitinakwere. Tsiku limenelo kunali chimphepo, ngolo zopita pamwamba anatseka, ndipo chithunzi chija cha mayi Msungichuma tinajambulira pansi, pamalo oimika galimoto.

Tinanyamukira pa Chileka, kudzera ku Johannesburg. Cholinga mukuchidziwa: mapepala a kafukufuku wa chromatin, yomwe ndi DNA pamodzi ndi mapuloteni oikulunga m'selo, takhala tikuwerenga Lachisanu lililonse, koma palibe mwa ife anali ataonapo ndi maso momwe mapuloteni amenewa amapangidwira mu labu.

Zophunzira zinali izi. DNA ya m'selo imodzi ya munthu ndi yaitali pafupifupi mamita 2, ndipo kuti ikwanemo imakulungidwa pa mapuloteni otchedwa histone ngati ulusi pa bobini ya makina osokera. Chikulungo chilichonse, chomwe amati nucleosome, chili ndi ma histone 8 ndi zilembo za DNA pafupifupi 147. Jini ikakulungidwa zolimba siwerengeka. Gulu la mapuloteni lotchedwa SWI/SNF, lomwe linayamba kupezeka mu yisiti, limadya ATP, mafuta opatsa selo mphamvu, n'kumasuntha zikulungozo kuti jini itseguke, ndipo injini yake imodzi ndi BRG1. Pafupifupi 20 peresenti ya khansa za anthu zimapezeka ndi vuto m'majini a gululi. Mu 1998 kunadziwika kuti zotupa za rhabdoid, zomwe zimagwira ana aang'ono, zimadza jini ya gululi yotchedwa SMARCB1 ikasowa. Chomwe chinatikhudza kwambiri n'chakuti majini enanso a gululi, ARID1A ndi SMARCA4, jini yomwe imapanga BRG1, zimapezeka zowonongeka mu Burkitt lymphoma, khansa ija timaiona yatupitsa nsagwada za ana ku Queens.

Tsopano nkhani ya mbozi. Adokotala otilandira anatilowetsa m'kachipinda momwe mabotolo a madzi achikasu amagwedezeka pa makina, kutentha kwake madigiri 27. Anati m'menemo muli maselo a Sf9, ndipo akawathira kachirombo ka baculovirus konyamula jini ya munthu, maselowo amayamba kupanga BRG1 ya munthu. Mlongo wathu wa ku Salima anafunsa tanthauzo la Sf. Yankho linali Spodoptera frugiperda. Tinayang'anana. Imeneyo ndi ntchemberezandonda ija inatidyera chimanga mu 2017! Achimwene a ku Ntcheu anagwira pakamwa, kenako anati, "Adokotala, mbozi imeneyi ili ndi ngongole kwathu, bola apa yayamba kubweza." Adokotala anaseka mpaka kuvula magalasi. Ine kunena zoona ndinamva kukoma mumtima: chilombo chimene chinaliza amayi anga m'munda, maselo ake akutiphikira puloteni yofufuzira khansa ya ana.

Atatsuka puloteniyo anatigawira kachubu kathu, madzi ake osakwana dontho lalikulu, n'kutiuza kawiri konse kuti kasachoke pa ayezi ndipo madzulo kalowe mufiriji yozizira madigiri -80. Apa m'pamene panagwa mbuna. Madzulo aliyense anathamangira basi, kachubu kanagona pa benchi usiku wonse. M'mawa tinakapeza kakuyandama m'madzi ofunda m'kabaketi kaja. A Tcheya anati anauza achimwene a ku Ntcheu. Achimwenewo anati iwo anamva kuti anyamule malabukoti basi. Mayi Msungichuma anayamba kuwerengera pamtima kuti kachubu kotere kogula kunja kangadye ndalama zingati za gulu, nkhope yonse itagwa. Mawu anakwera ndithu, mpaka wophunzira wina wa m'labumo anatuluka mwaulemu kutisiya tokha.

Adokotala sanakalipe. Anati tiyese machubu onse awiri, lathu ndi lawo la mufiriji. Tinasakaniza ndi ma nucleosome ndi ATP, n'kuthira pa jelo, chinthu choundana chomwe chimalekanitsa zosakanizazo n'kuzionetsa ngati mizere. Kumbali yawo mzere unasuntha bwinobwino, kusonyeza kuti chikulungo chasendezedwa pa DNA. Kumbali yathu mzere unangokhala pomwepo. Chithunzi chimenecho chili pa foni ya aliyense, ndipo chinatiphunzitsa zambiri za magetsi athu a ku Blantyre kuposa nkhani zonse: tisanalote za Sf9, tiyambe ndi jenereta yodalirika ya firiji.

Mkangano unathera ku Hout Bay. Bambo wina wa ku Nkhata Bay amene amagwira ntchito kumeneko, msuweni wa mlongo wathu, anatiitanira kwawo. Anagula snoek padoko n'kuiwotcha, mayi a kunyumba anaphika nsima, ndipo pambali panali usipa wochokera kumudzi womwe anasunga kudikira alendo. Achimwene a ku Mangochi anatola minga yaitali ya snoek, kuiika m'mphepete mwa mbale umodzi umodzi, n'kugamula kuti nsomba ya m'nyanja yamchere singafike pa chambo. Koma anawonjezera kawiri. A Tcheya ndi achimwene a ku Ntcheu anasamba m'manja m'beseni limodzi, nkhani ya ayezi inathera pomwepo, ngakhale dzina loti "a Minus Eyite" silichokanso pa achimwenewo.

Zikomo adokotala ndi ophunzira anu chifukwa cha kuleza mtima ndi puloteni yomwe munatipatsa osawerengera. Zikomo banja la ku Hout Bay. Zikomo inu amene munatsala n'kumatigwirira mashifiti. Mayi Msungichuma akukumbutsa kuti amene sanamalize ndalama ya basi abwere nayo Lachisanu, ndipo pepala la tsikulo ndi la ARID1A mu Burkitt. Wotsogolera ndi a Minus Eyite.